Mmene Mungawerengere Chithunzi cha Nkhondo Zakale za ku Ulaya

Mumzinda wa Madrid, m'nyumba yosungiramo zithunzi yotchedwa Prado, muli chithunzi chachikulu ngati chipupa cha nyumba. Msinkhu wake ndi mamita 3 ndi kapang'ono, m'lifupi chimapitirira mamita 3 ndi theka. Anachijambula pansalu ndi Diego Velázquez m'zaka za 1634 ndi 1635. Dzina lake ndi La rendición de Breda, ndiye kuti kugonja kwa mzinda wa Breda wa ku Netherlands, koma eniake ku Spain amangoti Las lanzas, kutanthauza mikondo, chifukwa cha mikondo yambirimbiri imene yaima njo kudzanja lamanja ngati nsungwi. Pakatikati pali amuna awiri. Wina wawerama, akupereka kiyi wa mzinda. Mnzakeyo watsika pakavalo, wavula chipewa, ndipo waika dzanja paphewa la wogonjayo kuti asagwade.

Ukachiona koyamba mtima umakhala m'malo: nkhondo yatha, adani akupatsana ulemu. Ine ndinachikondera chomwecho, ndipo ndimachikondabe. Komatu chithunzi cha nkhondo chili ngati mboni pabwalo la milandu, mboni imene yabwera ndi mbali imodzi, yadyanso za mbali yomweyo. Sikuti zonse zimene ikunena n'zabodza ayi. Zambiri n'zoona, zina mwa izo simungazipeze kwina kulikonse. Chofunika n'kudziwa kuifunsa. Njira imene ndikufotokoza pano imagwira pa zithunzi za nkhondo za ku Ulaya kuyambira cha m'ma 1500 kufika cha m'ma 1700, ndipo chithunzi cha Breda ndicho tiyende nacho.

Choyamba, pezani chithunzi chathunthu ndi chooneka bwino

Zithunzi zoyendayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp kawirikawiri zimakhala zodulidwa m'mbali, chonsecho nkhani yambiri imabisala m'mbalimo. Lembani dzina la wojambula ndi dzina la chithunzi m'chinenero chake, mufufuze patsamba la nyumba imene ikuchisunga kapena pa Wikimedia Commons. Prado, Rijksmuseum ya ku Amsterdam ndi National Gallery ya ku London zimaika zithunzi zoti mungathe kuzikuza mpaka kuona mabatani a malaya. Bandulo imapita ndithu, choncho ngati n'kotheka chisungeni m'foni kamodzi, muzichiona pa nthawi yanu.

Mukatero khalani mphindi 5 osawerenga chilichonse chokhudza chithunzicho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani pepala mulembe zokhazo zimene maso akuona: akavalo alipo angati, ndani wavala chipewa ndipo ndani wavula, ndani akuyang'ana kwa inu, utsi ukufuka pati.

Chachiwiri, lembani zaka ziwiri moyandikana

Chaka chimene nkhondo inamenyedwa, ndi chaka chimene chithunzi chinajambulidwa. Anthu ambiri amalumpha pamenepa, ndipo ndi pomwe amasocherera.

Ambrogio Spinola, mkulu wa asilikali a mfumu ya Spain, anazinga Breda mu August 1624, ndipo mzindawo unagonja mu June 1625. Velázquez anagwira burashi patapita zaka pafupifupi 10. Ku Breda sanapondeko. Pamene ankajambula, amuna awiri a pakati aja anali atatsikira kale kuli chete: Spinola mu 1630, Justinus van Nassau, mkulu wa asilikali a Netherlands mumzindamo, wopereka kiyi uja, mu 1631. Spinola yekha ndiye amene Velázquez anamudziwa maso ndi maso, pakuti mu 1629 anayenda naye ulendo umodzi wa panyanja kuchokera ku Barcelona kupita ku Genoa, mzinda wa ku Italy. Choncho nkhope ya wopambana ndi ya munthu amene wojambula anacheza naye. Ya wogonjayo ayi. Justinus anabadwa mu 1559, ndiye kuti pa tsiku la kugonja anali nkhalamba ya zaka zoposa 65, koma pachithunzipo akuoneka bambo wanyonga zake. Dziko lakumbuyoko, madzi ndi utsi wake, Velázquez analitenga pa mapu ndi zojambula za anthu ena. Paja akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zaka 10 n'zochepa. Chithunzi chotchuka cha imfa ya mfumu Gustavus Adolphus ya ku Sweden pa nkhondo ya ku Lützen mu 1632 anachijambula ndi Carl Wahlbom mu 1855, patapita zaka 223. China chimene chimafala kwambiri pa intaneti, cha asilikali a Spain ataima ndi mikondo pakati pa mitembo ku Rocroi mu 1643, ndi cha Augusto Ferrer-Dalmau, wojambula wa masiku athu ano. N'zokongola, koma si umboni wa nthawi ya nkhondozo. Ndi umboni wa mmene zidzukulu zimafunira kukumbukira makolo awo.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Albrecht Altdorfer, chomwe chili ku Munich. Mu 1529 anajambula nkhondo ya ku Issus, imene Alexander, mfumu ya ku Macedonia, anagonjetsa Darius wa ku Persia mu 333 Yesu asanabadwe. Kuzani chithunzicho muone: asilikali a Alexander avala zachitsulo ngati Ajeremani a nthawi ya wojambulayo, ndipo Aperezi ambiri amanga nduwira ngati anthu a ku Turkey. Chaka chomwecho cha 1529, asilikali a Suleiman, mfumu ya ku Turkey, anazinga Vienna. Mantha amene ali pachithunzicho ndi a 1529, ndipo ngati mukufuna kuphunzira zida, zimene muphunzirepo ndi za 1529.

Chachitatu, funsani kuti analipira ndani, ndipo chinapachikidwa pati

Kujambula nsalu ya mamita 3 si ntchito yoti munthu angoiyamba yekha. Pamafunika utoto wodula ndi miyezi yambiri. Chithunzi cha Breda chinalamulidwa ndi nyumba ya mfumu Philip IV ya ku Spain, kuti chikakhale m'holo yaikulu yotchedwa Salón de Reinos, m'nyumba yachifumu yatsopano ya Buen Retiro. M'holomo munapachikidwa zithunzi 12 za nkhondo, zonse za kupambana kwa Spain. Cha kugonja munalibe ndi chimodzi chomwe. Akazembe a mayiko ena akalowa, ankayenda pakati pa zipambano kudzanja ili ndi ili. Nthawi imeneyo chuma cha Spain chinali chitaphwa ndi nkhondo, ndipo mu 1635 France inalowanso m'bwalo. Mfumu imene zinthu zayamba kuithina ndiyo imafunitsitsa chipupa chonena kuti ndi yamphamvu, yachifundonso. Mu 1637, chithunzi chitangokhala pakhoma zaka ziwiri, Frederik Hendrik wa ku Netherlands analandanso Breda. Chithunzicho sichinatsitsidwe.

Ndinene pang'ono za kwathu kuno, chifukwa mfumu imeneyi sinali kutali ndi ife monga tingaganizire. Kuyambira 1580 mpaka 1640 mfumu ya Spain inalinso mfumu ya Portugal. Apwitikizi amene ankakhala ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi, akuchita malonda a minyanga ndi Amaravi, anali anthu a Philip IV yemweyu.

Kodi ndiye kuti ulemu wa pachithunzipo ndi wopeka? Si wonse. Spinola analoladi asilikali ogonjawo kutuluka mumzinda ndi zida ndi mbendera zawo, ndipo anthu anamutama nazo. Chimene wojambula anachita n'kusankha mphindi imodzi yokoma pa miyezi 9 yowawa, n'kuikuza mpaka kudzaza khoma.

Mukadziwa wolipira, zambiri zimamasuka zokha. Titian mu 1548 anajambula mfumu Charles V ya ku Spain ndi Germany pa nkhondo ya ku Mühlberg ali yekhayekha pakavalo, mkondo m'manja, ngati mnyamata, pamene mwiniwakeyo ankazunzika ndi nyamakazi ya m'mapazi. Paolo Veronese pojambula nkhondo ya panyanja ya ku Lepanto ya 1571, imene zombo za mayiko a Chikhristu zinagonjetsa za ku Turkey, theka la m'munsi anaika zombo, theka la m'mwamba anaika Maria ndi oyera mtima m'mitambo, kuti woona adziwe kuti chipambano chinachokera kumwamba. Adam Frans van der Meulen ankayenda ndi asilikali a Louis XIV wa ku France, ndipo pachithunzi chake cha kuwoloka mtsinje wa Rhine mu 1672 mfumu ili patsogolo, yaikulu, ikuloza, pamene owolokawo ndi timadontho m'madzi.

Chachinayi, werengani zida

Apa ndi pomwe mboni yathu imanena zoona kwambiri. Wojambula akhoza kukometsa nkhope ya mfumu, koma mfuti ndi chisoti sangaziphonye, chifukwa oona chithunzicho anali anthu ozidziwa.

Yambani ndi mikondo yaitali ija. Si yoponya ngati nthungo ya mlenje. Inali ya mamita 5 kapena kuposerapo, yogwira ndi manja awiri, ndipo mphamvu yake inali m'gulu: amuna mazanamazana oima mothinana, nsonga zonse kuloza kunja ngati nungu. Kavalo safuna kulowa pamenepo. Ku Spain magulu oterewa ankatchedwa tercio, ndipo anaopedwa ku Ulaya konse kwa zaka zoposa 100.

Kenaka funani a mfuti. Amene munaonako gogodera wa agogo mukudziwa kale theka la nkhaniyi: onga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa kwa mfuti, n'kuzitsindira ndi kamtengo. Koma mfuti zambiri za m'ma 1500 ndi 1600 zinalibe mwala wothethetsa moto. Msilikali ankayenda ndi chingwe chonyeka pang'onopang'ono, ndipo akakoka kachitsulo, nsonga ya chingwecho inkagwera pa onga. Kuzani chithunzi muone kudzanja lake lamanzere, mupeza chingwecho chikulendewera pakati pa zala. Pachifuwa pamadutsa lamba wokhala ndi timabotolo tamtengo, kalikonse ka onga wokwanira kuwombera kamodzi. Mfuti zikuluzikulu zinali zolemera moti ankaziika pa ndodo ya mphanda. Kuthira, kutsindira, kukonza chingwe, kuuzira, kulunjika: zonsezi zinkadya pafupifupi mphindi yathunthu. Mu 1607 Jacob de Gheyn anasindikiza ku Netherlands buku la zithunzi 117 zophunzitsa msilikali kagwiridwe ka mfuti ndi mkondo, sitepe ndi sitepe. Mukaona zithunzi zimenezo mudzamvetsa chifukwa chake wamfuti sankatha kuima yekha. M'mphindi imene akuthira onga, wapakavalo amakhala atafika kale. Ndiye wamkondo ankateteza wamfuti, wamfuti n'kumapha. Mukaona pachithunzi gulu la mikondo pakati, a mfuti m'mbali ndi m'makona, mwaona mtima wa nkhondo za nthawi imeneyo.

Zida zimakuuzaninso zaka ngakhale chithunzi chilibe deti. Wapakavalo wovala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kavalo wakenso atavekedwa, ndi wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Anthu oterewa ndi amene anagwetsedwa ndi a mfuti ku Pavia pa 24 February 1525, tsiku limene mfumu Francis I ya ku France inagwidwa. Nkhondo imeneyo ili pa nsalu zoluka 7 zimene Bernard van Orley anakonza, zomwe zili ku Naples. Mukaona chapachifuwa chachitsulo chokha, zipewa zikuluzikulu za nthenga ndi nsapato zofika m'mawondo, muli m'ma 1600. Mikondo ikasowa, mifuti n'kukhala ndi mpeni kunsonga, asilikali onse atavala malaya a mtundu umodzi ndi zipewa za makona atatu, mwafika cha m'ma 1700.

Tsopano bwererani ku Breda. Mikondo ya Spain yaima chilili, yambiri, yolongosoka. Kumbali ya ogonja zida n'zochepa, zapendekera uku ndi uku. Palibe analemba mawu, koma chiganizo chamveka.

Musaiwale utsi. Onga wa nthawi imeneyo unkatulutsa utsi woyera wochindikala, moti mizinga ndi mifuti zikalira kangapo msilikali sankaona kutali. Chithunzi chimene mukuona chilichonse mbee, gulu lililonse pamalo pake, chikukuonetsani zimene aliyense amene anali pamenepo sanazione.

Chachisanu, siyanitsani mbali

Musafune yunifomu, chifukwa zaka za m'ma 1600 zisanafike kumapeto asilikali ambiri ankavala zimene apeza. Yang'anani nsalu yomanga m'chiuno kapena yopingasa pachifuwa: yofiira ndi ya Spain ndi mfumu yaikulu ya ku Vienna, ya mtundu wa lalanje ndi ya Netherlands, yoyera ndi ya France. Mbendera yokhala ndi mtanda wofiira wopingasa, wooneka ngati nthambi ziwiri zosadulira bwino, ndi ya asilikali a mfumu ya Spain. Wogwira kandodo kakafupi m'manja ndiye mkulu wa nkhondo, ndipo Spinola wakagwira pamodzi ndi chipewa chake.

Koma mawu oti asilikali a Spain asakupusitseni. Spinola mwiniwake anali wa ku Genoa. M'gulu lake munali Ataliyana, Ajeremani, anthu a ku Ireland ndi a dziko limene lero ndi Belgium, ambiri a iwo aganyu ofuna malipiro. Malipiro akachedwa ankaukira. Mu 1576 asilikali osalipidwa a mfumu ya Spain anafunkha mzinda wa Antwerp n'kupha anthu zikwizikwi. Nkhope zodekha zimene zili kuseri kwa kavalo wa Spinola ndi za ankhondo a gulu lomwelo, patangopita zaka 49.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani pamene wojambula waima

Dzifunseni kuti, kuti ndione zonsezi, ndikanayenera kuima pati? Pa zithunzi za Peter Snayers, amene ankagwira ntchito ku Brussels, patsogolo pamakhala kaphiri pomwe paima akuluakulu ndi akavalo awo, kenaka dziko limatambasuka kumbuyo ngati mapu, mpaka mzinda wonse kuoneka monga auonera kabawi. Dziko la kumeneko ndi lathyathyathya. Kaphiri kotero nthawi zambiri n'kongoikapo, ndipo zakumbuyozo zinachokera pa mapu a akatswiri a zomangamanga a asilikali.

Musazinyoze chifukwa cha zimenezo, pakuti ndi zithunzi zoterezi zimene zimaphunzitsa bwino za malinga. Muona mzinda utazunguliridwa ndi linga looneka ngati nyenyezi, lalifupi, lochindikala, la dothi ndi njerwa. Makoma ataliatali akale ankagwa ndi mizinga, choncho anayamba kumanga otsika, okhala ndi nsonga zotulukira kunja kuti mzinga wa pansonga ina uzitha kusesa patsinde pa inzake. Kunja kwake muona mizere iwiri ya ngalande ndi mitumbira ya ozinga: wina woyang'ana mumzinda kuti a m'kati asatuluke, wina woyang'ana kunja kuti odzawathandiza asalowe. Umu ndi mmene Breda inagwera. Spinola sanagumule linga. Anatseka njira zonse n'kudikira njala. Nkhondo zambiri za nthawi imeneyo zinamenyedwa ndi fosholo kuposa lupanga.

Alipo ochepa amene anaonadi ndi maso. Willem van de Velde wamkulu ankatsagana ndi zombo zankhondo za Netherlands m'kangalawa, akujambula papepala mizinga ikulira. Mukapeza wotere, mawu ake alemereko.

Chachisanu ndi chiwiri, pitani m'mphepete, kenaka mufunse za amene palibe

Apa ndi pomwe ndimafuna kuti muchedwepo. Siyani akuluakulu a pakati, muyendetse chala m'makona. Pachithunzi cha Breda, kumanzere, pali mnyamata wa malaya oyera, wazyolika, pamalayapo pali timadontho tofiira. Kumbuyo utsi ukufuka m'midzi. Kupatula zimenezi, palibe mtembo, palibe woonda, palibe mayi kapena mwana. Chonsecho mumzindamo anthu anatha ndi njala ndi mliri kwa miyezi 9, ndipo kunja kwa linga ozingawo anagona m'matope dzinja lonse la ku Ulaya. Pa nkhondo za nthawi imeneyo matenda ankapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo, koma kamwazi palibe mfumu imene inalipira kuti ajambulidwe.

Gulu lankhondo silinkayenda lokha. Pambuyo pake pankabwera akazi, ana, ophika, ochapa, ogulitsa mowa ndi ngolo za katundu, nthawi zina ochuluka ngati asilikali eniakewo. Khamu lonselo linkadya za m'midzi imene ladutsamo. Pa zithunzi za Snayers mukawafuna muwapeza, ang'onoang'ono, pafupi ndi mahema. Mphunzitsi wake, Sebastiaen Vrancx, ndiye anawaika poyera: asilikali akuthyola zitseko, akukoka ng'ombe, akuvula mitembo.

Kuti mumve mbali inayo mokwanira, funani zojambula za Jacques Callot wa ku Lorraine, dera limene lero lili ku France, zotchedwa Les Grandes Misères de la guerre, zimene zinatuluka mu 1633, Velázquez atatsala pang'ono kuyamba chake. Ndi tizithunzi 18 tosindikiza papepala, kalikonse kotalika ngati chikhatho ndi zala zake. Timayamba ndi kulemba anthu usilikali, kenaka nkhondo, kenaka kufunkha nyumba, kuotcha tchalitchi ndi mudzi. Pali kena ka mtengo waukulu umene nthambi zake zalemedwa ndi anthu opachikidwa, wansembe ali pamakwerero ndi wina amene akudikira nthawi yake. Kutsogolo kwake muona asilikali opunduka akupemphetsa m'misewu, ndi alimi akubwezera ndi zida za kumunda. Imeneyi inali nthawi ya nkhondo ya zaka 30, kuyambira 1618 mpaka 1648, imene mu 1631 mzinda wa Magdeburg wa ku Germany unaotchedwa n'kufa anthu pafupifupi 20,000. Ndipo Callot yemweyu ndi amene zaka zochepa m'mbuyomo analipidwa ndi mbali ya Spain kuti ajambule mapu aakulu otamanda kuzingidwa kwa Breda. Dzanja limodzi, ntchito ziwiri, kusiyana kwake n'kwakuti wina anaitanitsa ndi wolamulira.

Ngakhale m'holo ya Philip IV muja munalowa kachifundo kena. Juan Bautista Maíno, pojambula kulandidwanso kwa Bahia ku Brazil mu 1625, anaika patsogolo mayi akutsuka bala la msilikali, ana akuonerera. Mukachipeza, chiikeni pambali pa cha Velázquez.

Pomaliza, bwererani ku pepala lanu lija

Ligaweni patatu. Mbali yoyamba lembani zimene chithunzi chakuphunzitsani zomwe mungazikhulupirire: zida, zovala, maimidwe a magulu, mamangidwe a linga. Mbali yachiwiri lembani zimene wolipira ankafuna kuti mukhulupirire. Yachitatu lembani amene mwawafuna osawapeza. Mukatha, werengani mbiri ya nkhondoyo kuchokera kwa olemba a mbali zonse ziwiri, muone kuti ndi ziti zimene mwalemba zayenera kusamukira mbali ina. Ngati mukuphunzitsa ana a sukulu, apatseni chithunzi cha Velázquez ndi ka mtengo ka Callot tsiku limodzi, musawauze kanthu, muwafunse kuti kodi zimenezi zingakhale za zaka zofanana.

Musanatseke chithunzi cha Breda, tsikirani pakona ya m'munsi kudzanja lamanja, pansi pa miyendo ya kavalo wamkulu uja. Pali kapepala koyera kojambulidwa ngati kagwera pamwala, malo amene ojambula a nthawi imeneyo ankalembapo dzina lawo. Velázquez anakasiya kopanda chilembo.